Kalata yotseguka kwa Nduna ya Maphunziro Apamwamba ku Zimbabwe: ophunzira udokotala abwere adzaphunzire ku migodi ya Bindura

Olemekezeka a Nduna,

Kalata ino ikuchokera ku Bindura, likulu la chigawo cha Mashonaland Central, mtunda wa makilomita pafupifupi 88 kuchokera ku Harare. Yalembedwa m'Chichewa mwadala. Gawo 6 la malamulo aakulu a dziko lino a mu 2013 limatchula zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo Chichewa ndicho chili pamwamba pa mndandandawo. Chifukwa china n'chakuti ambiri mwa anthu amene nkhaniyi ikuwakhudza, madala amene anathera mphamvu zawo pansi pa nthaka m'migodi ya Trojan ndi Shamva, akadwala amabuula m'chilankhulo chimenechi.

Nkhani iyambire pa benchi la kachipatala ka m'dera la migodi, Lolemba m'mawa. Anamwino a m'madera otere amamudziwa bwino munthu uyu, chifukwa amabwera mlungu ndi mlungu, nkhope zokha ndizo zimasintha. Ndi bambo wa zaka za m'ma 30, wowonda, jekete likuchita kulendewera m'mapewa. Watsokomola miyezi itatu, ndipo akakwera kachitunda kakang'ono amaima kaye, manja m'chiuno, befu ali wefuwefu. Amupatsa kabotolo kolavuliramo makhololo, makina a GeneXpert ayeza, koma kachilombo ka TB sikakupezeka. Amujambula ekisire, ndipo kumtunda kwa mapapo onse awiri kukuoneka timadontho toyera tambirimbiri ngati wina wawazapo mawere. Dokotala wachinyamata, amene anakhoza bwino mayeso ake ndipo akufunitsitsa kuthandiza, akuona chimene anaphunzitsidwa kuona: chifuwa chachikulu. Bamboyo akuyamba mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi, akumwa osadumphitsa, akumaliza. Chaka chisanathe wabweranso pabenchi lomwe lija, befu litakula.

Pa khadi lake, pamene pamafunsa za ntchito, panalembedwa kuti amachita maganyu. Sananame kwenikweni. Ndi mmodzi wa anthu amene kuno amatchedwa makorokoza, okumba golide pawokha, ndipo munthu wokumba popanda chilolezo sathamangira kuulula zimenezo kwa aliyense wovala yunifolomu. Akanafunsidwa modekha, ndi munthu wodziwa chofunsa, akanafotokoza kuti kwa zaka zisanu ndi zitatu wakhala akuboola mwala ndi jekihama youma, yopanda madzi, m'dzenje lopanda cholowetsa mphepo, ndi kuti akaphulitsa amalowanso fumbi lisanakhazikike chifukwa anzake angamutolere miyala yabwino.

Timadontho tija nthawi zambiri ndi silicosis, matenda a fumbi la mwala. Golide wa m'dera lino amapezeka kwambiri m'mitsempha ya mwala woyera wa quartz, ndipo fumbi lake losalala kwambiri, losaoneka ndi maso, limafika pansi penipeni pa mapapo n'kusiya zipsera zosapola. Matendawa alibe mankhwala ochiza. Amapitirira kukula ngakhale munthu atasiya ntchito, ndipo amachulukitsa pafupifupi katatu mpata woti adwale TB. Kafukufuku wa Elizabeth Corbett ndi anzake pakati pa okumba golide ku South Africa, wofalitsidwa mu 2000, anaonetsa kuti fumbi ndi kachilombo ka HIV zikakumana m'thupi limodzi, ngozi ya TB imachulukana kwambiri kuposa kungophatikiza ziwirizo. Kuno kwathu, gulu la Dingani Moyo linayeza makorokoza oposa 500 m'zigawo za Midlands ndi Matabeleland South, ndipo zotsatira zake za mu 2021 zinasonyeza kuti pafupifupi mmodzi mwa khumi aliyense anali ndi silicosis, pamene oposa mmodzi mwa asanu aliyense mwa oyezedwa magazi anali ndi HIV. Awa ndi anthu amene, pamodzi ndi migodi ing'onoing'ono, akhala akupereka golide woposa theka la yense amene amafika ku Fidelity, kampani yogula golide, m'zaka zaposachedwapa.

Dokotala uja sanalakwe chifukwa cha ulesi. Chidziwitso chimene chikanamuthandiza chilipo m'dziko muno, koma chili m'makalasi ena, kumene iye sanalowemo.

Mu 1700 Bernardino Ramazzini wa ku Italy analangiza madokotala kuti pa mafunso awo onse aziwonjezerapo lofunsa wodwala ntchito imene amagwira. Wophunzira udokotala aliyense amamva zimenezi. Vuto lili pa yankho. Wodwala akati amagwira pachigayo cha miyala, kapena amatsuka dothi kumtsinje wa Mazowe, kapena ndi wonyamula matumba kuchokera pansi, mawuwo amangodutsa m'khutu la munthu amene sanaonepo chigayo chikusinja mwala. Injiniya wa migodi amadziwa ntchito imene ili ndi fumbi lambiri ndi imene ili ndi phokoso logonthetsa. Katswiri wa miyala amadziwa mwala umene uli ndi quartz wochuluka. Woona za ukhondo ndi chitetezo pantchito amadziwa kuyeza fumbi m'mpweya, ndipo amadziwa kuti kuboola ndi madzi kumachepetsa fumbi kuposa kansalu komanga pamphuno. Onsewa amaphunzira m'mayunivesite ndi m'makoleji a pansi pa unduna umodzi, wa a Nduna omwewa, koma amamaliza maphunziro osakhalapo limodzi ndi wophunzira udokotala ngakhale tsiku limodzi.

Nkhani ya mekyule ikuonetsa zimenezi poyera. Madzulo, kuseri kwa nyumba kapena m'khitchini momwe, munthu amathira timadontho tonyezimira ta mekyule m'beseni la dothi losinjidwa, n'kutakasa ndi dzanja lopanda chovala. Mekyule amagwira golide. Amafinyira m'kansalu mpaka kutsala kampira kotuwa ngati nsawawa, kenaka amakaika pasupuni n'kukawotcha pamakala. Nthunzi yake ilibe fungo ndipo sioneka, choncho mayi wophika pambali ndi mwana ali kumbuyo amaipuma osadziwa. Patapita miyezi kapena zaka, manja amayamba kunjenjemera, nkhama zimatupa, malovu amachuluka, tulo timasowa, munthu amapsa mtima msanga ndiponso amaiwalaiwala. Kuchipatala angamuyese chidakwa kapena wodwala misala, ndipo kumudzi angati walodzedwa ndi anzake a m'dzenje. Pamene bungwe la UNIDO linachititsa kafukufuku ku Kadoma mu 2004, linatumiza madokotala pamodzi ndi akatswiri a zachilengedwe, ena kuyeza anthu, ena kuyeza madzi, dothi ndi nsomba, ndipo anapeza anthu ambiri ali ndi zizindikiro za poizoniyu. Zimbabwe inavomereza pangano la Minamata lochepetsa mekyule mu 2021. Koma panganolo lidzagwira ntchito pabenchi la kachipatala pokhapokha wopima odwala atadziwa kupempha munthu kuti ajambule mzere papepala, aone mmene dzanja likugwederera, n'kufunsa kumene amawotchera golide wake ndi amene amakhala pafupi.

Palinso mbali ina imene mabuku a zachipatala sakhudza n'komwe, ndipo kwa anthu a m'makomboni ndiyo yowawa kwambiri.

Migodi ya dera lino inakumbidwa ndi manja a alendo. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amuna ochokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique ankabwera wapansi, ena pa chibalo, ena pambuyo pake pa malole a ulere kapena kudzera kwa olemba anthu ntchito otchedwa a mthandizi. Mu September 1927 antchito pafupifupi 3,500 a pamgodi wa Shamva, makilomita 30 okha kuchokera ku Bindura, ananyanyala ntchito, ndipo ambiri mwa iwo ndi atsogoleri awo anali a ku Nyasaland. Ochuluka sanabwererenso kwawo. Anasanduka machona, anakwatira konkuno, anabereka ana m'makomboni, ndipo mpaka lero gule wamkulu, amene Ashona amati zvigure, amatuluka pamaliro awo. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ambiri mwa ana awo anapezeka alibe dziko. Gawo 43 la malamulo a 2013 linabwezera unzika kwa obadwira muno amene kholo lawo linali nzika ya dziko la mu SADC, komabe lipoti la Amnesty International la mu 2021 linaonetsa kuti anthu ochuluka akadali opanda zitupa chifukwa alibe mapepala a makolo awo amene anamwalira kalekale.

Kodi zimenezi zikumukhudza bwanji dokotala? Lamulo la Pneumoconiosis Act limafuna kuti wogwira ntchito ya fumbi aziyezedwa ndi kukhala ndi satifiketi, ndipo bungwe la NSSA ndilo limayendetsa zimenezi pamodzi ndi za chipukutamisozi. Mdala amene anagwira ntchito zaka 30 pansi angakhale ndi ufulu wolandira kanthu, koma njira yake imayambira pa cholembera cha dokotala. Dokotala akalemba kuti ndi chifuwa cha ukalamba, nkhani yathera pomwepo. Akalemba dzina lenileni la matenda, pamafunikabe wina wodziwa kumene mafomu amapita, ndi chochita ngati mdalayo alibe chitupa kapena dzina la pachitupa likusiyana ndi limene kapitawo analemba m'kaundula wa pamgodi. Imeneyo ndi ntchito ya wothandiza anthu pa zaumoyo wawo wa pakhomo ndi ya wodziwa malamulo. Dokotala sayenera kusanduka loya, koma ayenera kudziwa kuti anthu amenewa alipo, ndi kuti siginecha yake ndiyo imawatsegulira chitseko.

Chilankhulo nacho chili ndi misampha yake. Zidzukulu za machona zambiri zimalankhula Chishona bwinobwino, koma nkhalamba zikafooka zimabwerera ku chilankhulo cha amayi awo. Liwu lakuti moyo kwa Mshona ndi mtima, pamene kwa Mchewa ndi kukhala ndi mpweya. Gogo akati akudwala chifuwa, nthawi zambiri akunena za kutsokomola, osati kupweteka kwa pachifuwa. Akati mtima ukuwawa, mwina ndi pamwamba pa mimba, mwina ndi chisoni cha mwana amene anatsalira m'dzenje. Ndipo banja likaona bambo akuwonda, akutsokomola, miyendo ikutupa, akuluakulu angayambe aganiza za tsempho kapena mdulo, n'kuyamba kufufuza amene anathira mchere m'ndiwo asanayenere. Wophunzira amene anakhalapo ndi katswiri wa chikhalidwe cha anthu sangaseke zimenezi kapena kukalipa. Amadziwa kufunsa chimene banja likuganiza, kuti mankhwala a kuchipatala asasiyidwe panjira pamene banja likukonza zakezo.

A Nduna akudziwa kuti maganizo awa si achilendo. Lipoti la Abraham Flexner la mu 1910 linamanga maphunziro a udokotala pa sayansi ya m'labotale ndi pa chipatala chachikulu, ndipo linathandiza kwambiri. Patapita zaka 100, mu 2010, bungwe la WHO linatulutsa ndondomeko yolimbikitsa kuti ophunzira a nthambi zosiyanasiyana za umoyo aziphunzira limodzi, ndipo chaka chomwecho gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Julio Frenk ndi Lincoln Chen linalemba m'magazini ya The Lancet kudandaula kuti nthambi iliyonse imaphunzitsa ana ake payokha ngati fuko losafuna kusakanikirana ndi ena.

Koma Zimbabwe sikufunika kukabwereka nzeruyi kutali. Sukulu ya udokotala ya ku Harare, imene inatsegulidwa mu 1963, inali ndi Michael Gelfand, pulofesa wa zamankhwala amene anathera zaka zambiri akulemba za chikhalidwe cha Ashona ndi asing'anga awo, ndiponso analemba mbiri ya zachipatala ya Nyasaland. Gordon Chavunduka, katswiri wa kakhalidwe ka anthu amene anatsogolera bungwe la asing'anga la ZINATHA, anadzakhala mkulu wa University of Zimbabwe. Ndipo chitsanzo chimene dziko lonse lapansi likuchitengera lero chinabadwira ku Mbare cha m'ma 2006, pamene Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a maganizo, anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi ndi kumvetsera anthu ovutika mumtima. Ntchito imeneyi, yotchedwa Friendship Bench, inayenda chifukwa inatenga liwu limene anthu amanena okha, kufungisisa, kutanthauza kuganiza mopitirira, n'kulisandutsa khomo la chithandizo. Zotsatira zake zinafalitsidwa m'magazini ya JAMA mu 2016.

Ku Malawi, kwawo kwa makolo a anthu a m'makomboniwa, College of Medicine itatsegulidwa ku Blantyre mu 1991 inaika umoyo wa anthu a m'midzi pakati penipeni pa maphunziro, ndipo ophunzira ankapita ku Mangochi kukagona m'midzi ndi mabanja, kutunga madzi pamjigo womwewo ndi kudya nsima yomweyo. Mu 2021 sukuluyo inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing kukhala Kamuzu University of Health Sciences, madokotala ndi anamwino pansi pa denga limodzi. University of Zimbabwe nayo yakhala ikutumiza ophunzira ake kumidzi ndi ku zipatala za m'maboma kwa zaka zambiri. Chimene chikusowa n'chakuti ophunzira udokotala amapitako okhaokha, n'kubwerera atamva maganizo a anzawo a kalasi imodzi.

Bindura ali ndi zonse zofunika pamtunda woyenda ndi basi mphindi zochepa. Pali chipatala chachikulu cha chigawo. Pali mgodi wa golide wa Freda Rebecca, umene unayamba mu 1988, ndi mgodi wa nickel wa Trojan wa m'zaka za m'ma 1960, umene unaima mu 2008, n'kudzukanso, n'kuimanso mu 2023, ndipo mgodi waukulu ukaima anthu a m'komboni amalowera ku maenje. Pali maenje a makorokoza ndi zigayo zawo m'chigwa chonse cha Mazowe. Pali Chipadze ndi Chiwaridzo, kumene kumakhala anthu ambiri. Ndipo pali Bindura University of Science Education, imene inayamba mu 1996 popitiriza ntchito yophunzitsa aphunzitsi a sayansi imene inkachitikira ku Cuba, n'kukhala yunivesite yoima payokha mu 2000. Kumeneko kuli kale ophunzira za chitetezo, umoyo ndi chilengedwe pantchito, za unamwino, za maso ndi za chisamaliro cha anthu.

Anthu a kuno sadzaiwala 25 November 2020, pamene mgodi wakale wa Ran, m'mphepete mwa tawuni momwemu, unagumukira makorokoza amene ankaganiziridwa kuti analipo pafupifupi 30. Asanu ndi mmodzi anatulutsidwa amoyo, ndipo madzi odzadza m'mgodimo analepheretsa opulumutsa kufikira enawo pamene abale ankagona panja kudikira. Tsiku ngati limenelo limafuna injiniya wodziwa ngati nthaka ingapondedwe, wopopa madzi, namwino, wolankhula ndi amayi olira, ndi dokotala wodziwa kuti munthu wopanikizidwa ndi mwala kwa maola ambiri amafunika kumuika madzi a m'mitsempha msanga, mwinanso asanamuchotse, kuti impso zisafe. Anthu oterewa sayenera kukumana koyamba pakamwa pa dzenje.

Pempho la kalatayi silofuna nyumba yatsopano kapena sukulu ina ya udokotala. Dziko lili nazo kale ku Harare, ku NUST ku Bulawayo, ku Midlands State University ndi ku Great Zimbabwe University. Likupempha kuti a Nduna, mogwirizana ndi anzawo a Unduna wa Zaumoyo, bungwe la ZIMCHE ndi khonsolo yolembetsa madokotala, akhazikitse milungu ingapo ya maphunziro a pamodzi m'dera la migodi, kuyambira ku Bindura. Kagulu kalikonse kakhale ndi wophunzira udokotala, namwino, woona za chitetezo pantchito, wa za migodi kapena miyala, ndi wa chisamaliro cha anthu. Apatsidwe wodwala mmodzi wovomera, amutsatire kuchokera pabedi la m'chipatala mpaka pakhomo pake ndi pamalo pamene amagwira ntchito, ndipo alembe lipoti limodzi. Lipotilo likhale ndi malikisi olowa m'mayeso omaliza, chifukwa wophunzira wopanikizika ndi mabuku amaika mtima pa zimene zidzafunsidwe, ndipo sangadzudzulidwe pa zimenezo.

Aphunzitsi ena adzati silabasi yadzadza kale, ndipo akunena zoona. Koma matenda a mapapo, poizoni, kuwerenga ekisire, kufunsa mbiri ya wodwala ndi umoyo wa anthu onse zili kale m'silabasi, zomwazikana m'zaka zosiyana. Pempho ndi lakuti zina mwa izo ziphunzitsidwe pamalo amodzi, pa munthu mmodzi, ndi aphunzitsi a nthambi zingapo ataima limodzi. Ena adzati aphunzitsi ndi ochepa chifukwa ambiri anapita kunja. Chimenecho ndi chifukwa chinanso chogawanirana amene atsala. Ndalama zofunika ndi za basi, malo ogona, zipewa zolimba, nsapato ndi zida zoyezera fumbi, ndipo makampani a migodi, amene ali ndi zipatala ndi akatswiri awo a chitetezo, angapemphedwe kutsegula zipata zawo. Ndondomeko ya Education 5.0 imene unduna umanyadira imati yunivesite itumikire anthu oizungulira, ndipo mayiko a SADC anasaina kale mu 2012 chikalata cholimbana ndi TB m'migodi.

Pali zinthu ziwiri zimene wolemba kalatayi akuchonderera kuti zisaiwalike pokonza. Choyamba, anthu a m'komboni atopa ndi alendo obwera ndi mafomu, kufunsa mafunso, kujambula zithunzi, n'kupita osabwereranso. Aliyense woyezedwa ndi ophunzira auzidwe zotsatira zake m'chilankhulo chake, ndipo wopezeka ndi vuto alumikizidwe ndi chithandizo tsiku lomwelo. Wokumba popanda chilolezo atsimikiziridwe kuti zimene wanena sizikafika kupolisi, apo ayi adzapitiriza kunena kuti amachita maganyu.

Chachiwiri ndi cha madala. Ku Trojan ndi ku Shamva kuli amuna a zaka za m'ma 70 amene angafotokoze, kuposa buku lililonse, mmene mwala umalirira usanagwe, ntchito imene inamaliza anzawo msanga, ndi chaka chimene madzi anayamba kugwiritsidwa ntchito pamakina awo oboolera. Kuli amayi amene anasamala amuna awo mpaka kumanda ndipo amadziwa mmene befu limakulira mwezi ndi mwezi, ndi mapilo angati amene munthu amafuna kuti agone. Amenewa alembedwe ngati aphunzitsi, alipidwe ngati aphunzitsi, ndipo alankhule m'Chichewa kapena m'Chishona mmene angafunire, womasulira ali pambali. Akucheperachepera chaka ndi chaka, n'chifukwa chake kalatayi ikupempha kuti gulu loyamba la ophunzira lifike ku Bindura m'chaka cha maphunziro chikubwerachi, ndi kuti msonkhano wokonzekera uchitikire konkuno, madala ndi amayiwo ali m'chipinda momwemo.

Mwaulemu waukulu,
Mdzukulu wa machona, Bindura